Anamzeze Oyang'ana M'nyumba

Tsiku lomaliza kuwaona bambo ali moyo anali atakwera pa kampando kathu kopendekeka, mapini ali kukamwa, akupachika anamzeze a katoni pawindo la pabalaza. Anandiitana osacheuka. Nditasuzumira pakhomo analavulira mapiniwo m'dzanja, n'kundituma penti wakuda ku hadiweya.

"Wakuda weniweni," anatero. "Akakupatsa uja wokhala ngati wabuluu, uwasiyire apentere nyumba yawo."

Pobwera ndinapeza chitseko chili chotsegula, kampando kataimikidwa bwinobwino pakhoma, ndipo wometa wa patsidya pa msewu ataima pakhomo pathu manja ali kumbuyo ngati mlonda. Anandiuza kuti bambo anatsika okha pa kampando, anakhala pansi, n'kunena kuti nyumba ikuzungulira. Amayi anapita nawo kuchipatala pa galimoto ya neba. Sanakafike ali moyo. Ndinaima pamenepo ndi kachitini ka penti m'manja, osadziwa pokaika.

Choncho mawu omaliza amene ine ndinamva anali a penti, ndipo amene amayi anamva anali a nyumba yozungulira. Koma pamaliro achimwene anga aakulu anauza khamu kuti bambo anatisiya ndi mawu akuti tizikondana, tizigwirizana, ndiponso tizilemekeza akulu. Anthu anagwedeza mitu. Achimwene tsiku limenelo anali kuofesi.

Bambo anagwira ntchito moyo wawo wonse m'sitolo yaikulu ya zovala pakati pa tauni. Sankagulitsa, ankakongoletsa mawindo. Ankaveka zidole zija zopanda nkhope, kupachika nyenyezi, kuyala masamba pansi. Mabwana ankawatumizira zithunzi zochokera kulikulu, kunja kwa dziko, ndipo bambo ankazitsatira ngati lemba. N'chifukwa chake kumapeto kwa chaka, dzuwa likuswa mtengo, anthu akudzikupiza ndi zipewa, pawindo la bambo pankagwa chipale chofewa cha thonje. Iwo chipalecho sanachionepo ndi maso, koma ukawafunsa za cha m'sitolo yoyandikana nayo ankakuuza mosakayika kuti chimenecho n'chabodza.

Sitoloyo itayamba kumata zithunzi zosindikizidwa kale pamagalasi, anawapumitsa ntchito. Anawapatsa wotchi yapakhoma kuti aziona bwino nthawi imene analibenso nayo chochita. Sabata lomwelo bambo anachotsa makatani a amayi pawindo la pabalaza, loyang'ana kumsewu, n'kulengeza kuti windo limenelo lagona mokwanira.

Kuyambira pamenepo nyumba yathu inakhala ndi nyengo zake. Sankagula kanthu kupatula penti ndi twaini. Guluu ankaphika okha ndi ufa watirigu mu kapoto ka amayi, kamene amayi anakalira mpaka anakaiwala. Masamba ogwa anali mapepala a matumba a simenti oviikidwa mu tiyi. Maluwa anali mathileyi a mazira, odulidwa chikho chimodzichimodzi. Madontho a mvula ankawasema kuchokera ku mabotolo apulasitiki, nyenyezi kuchokera ku mapepala onyezimira a m'mapaketi a mkaka waufa. Mukamadya bisiketi m'nyumba mwathu, bambo ankayang'ana paketi, osati inu. Mumsewu mwathu anawapatsa dzina loti a Mawindo. Ankawaseka, inde, koma amayi opita kumsika ankaima ndi madengu awo n'kumaloza, ndipo makondakitala ankaitanira otsikira pa Mawindo ngati ndi dzina la pamapu.

Chimene odutsawo sankachiganizira n'chakuti ife a m'nyumba sitinkaona chilichonse cha zimenezi. Windo la sitolo amalipangira wodutsa. Duwa limakhala duwa kutsogolo kokha, kuseri ndi katoni, tepi, waya ndi mizere ya pensulo. Ine ndinakulira kuseri. Ndinaloweza malangizo a kachapidwe ka zovala a sopo wa mtundu uliwonse. Ukafuna kuona chimene bambo apanga, unkatuluka, kuwoloka msewu, n'kukaima pakhonde la wometa ngati mlendo. Amayi, amene mpando wawo wolukirapo majuzi unali pansi pa windolo, ankati anakwatiwa ndi munthu amene anawasamutsira kuseri kwa nyumba yawo yomwe.

Tsiku lopachika linali ndi malamulo ake a kusitolo. Bambo ankaphimba galasi lonse ndi nyuzipepala kuti a mumsewu asaone ntchito ili yaiwisi, ndipo ana ankatithamangitsa ndi kutituma. Ngati panalibe chotituma, ankachipeka. Amayi okha ndi amene ankatsala, poti anakana kalekale kudzutsidwa pa mpando wawo chifukwa cha makatoni.

Ine ndinabwerera kunyumba chaka chatha, koleji nditaisiyira panjira. Sanandithamangitse. Ndinangodzuka tsiku lina n'kupeza kuti miyendo yakana njira ya kukalasi, ndipo mawa lake inakananso. Achimwene anandipatsa dzina loti Pulofesa, dzina limene linandikakamira ngati chingamu kunsapato. Bambo sanandifunse kanthu. Anayang'ana ine, anayang'ana chikwama changa, kenako anandipatsa sizasi n'kundionetsa mulu wa mathileyi. Tinkakhala pakhonde la kuseri, iwo kulemba ndi pensulo, ine kudula, masiku ambiri osalankhulana. Akaona kuti ndakhotetsa ankangoti, "Sizasi si galimoto, suikhotetsa iwe. Khotetsa pepala." Anamzeze amenewa mapiko ndinadula ndine.

Pa tsiku la maliro azakhali anadandaula kuti pabalaza pali mdima, n'kukanganula nyuzipepala zonse zija pagalasi. Apa m'pamene tinaona. Anamzeze onse anali atayang'ana m'nyumba. Misana yakuda, zifuwa zoyera, michira yamphanda, maso a mabatani, pakati pawo madontho a mvula akulendewera. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga ndinaona windo la bambo ndili m'nyumba mwathu. Kumsewu kunayang'ana makatoni a sopo.

Anthu awiri tinaona chinthu chimodzi, aliyense n'kutolapo chake.

Achimwene anati ndi matenda. Anati magazi anali atayamba kale kuwasokoneza mdala, mpaka kuiwala kumene kuli msewu, ndipo ife monga ana tiyenera kubisa chilema cha kholo. Muyenera kuwadziwa achimwene kuti mumve bwino. Iwo ndi wapampando. Ndi wapampando wa komiti ya makolo kusukulu kwa ana awo, wa bungwe la omwe anaphunzira nawo sekondale, wa gulu loona za ngalande m'dera lawo. Anthu atatu akaima pamodzi kudikira basi, achimwene amafunsa kuti mlembi ndani. Nthawi imene ankafunsira alamu, abale a alamu ankawalowetsa m'nyumba mwathu kudzera kukhomo la kukhitchini kuti asaone zimene iwo ankazitcha zinyalala za mdala. Tsopano zinyalalazo zinasanduka cholowa cha banja. Anatsegula gulu la pafoni lotchedwa Komiti Yosunga Luso la Malemu, anadzisankha okha, ndipo analengeza mwambo: Loweruka lina mbalame zidzatembenuzidwa kuti ziyang'ane kumene ziyenera kuyang'ana, banja lidzajambulitsa patsogolo pa windo, bwana wakale wa kusitolo, yemwe uja wa wotchi, adzalankhulapo mawu ochepa.

Ine ndinatola china. Ndinati bambo anadziwa. Anamva m'thupi mwawo kuti ili ndi windo lomaliza, ndipo atatha zaka zonse zija akupatsa amayi misana ya makatoni, anaganiza zowapatsa nkhope. Anatembenukira mkazi wawo, dziko analisiyira sopo. Maganizo amenewa ndinawanyamula ngati mphika wotentha, wopanda poutula. Ndinkadzuka nawo, ndinkadya nawo. M'nyumba monse mmene bambo anachoka osatsanzika, ichi chokha chinkaoneka ngati kutsanzika, ndipo ndinatsimikiza mtima kuti munthu sadzagwira mbalame imodzi ine ndili moyo.

Ndinakhala mlonda wa pabalaza. Alendo odzapepesa akayandikira windo, ndinkawapatsa mpando wa kutali. Azakhali atabwera ndi kansalu kopukutira fumbi ndinawalanda mwaulemu. Amayi ankakhala pa mpando wawo, singano zolukira zikugundana, mutu uli pansi. Ndinkaona kuti sakweza maso kuyang'ana mbalamezo, ndipo ndinkati n'chifukwa choti mphatso yotere imapweteka kuyang'ana. Nkhani yanga ndinauza aliyense: azakhali, neba wa galimoto, wogulitsa makala, ngakhale munthu wodzawerenga mita ya madzi. Amayi okha sindinawauze. Ndinkaona ngati akudziwa kale kuposa ine.

Wometa ndiye ankandibweretsera nkhani za kumsewu. Tsiku lina anandiitana ndi chipeso ndikudutsa.

"Iwe mwana wa a Mawindo, tabwera. Mwatsegula golosale?"

Anati m'mawa mayi wina anamufunsa ngati nyumba ya patsidyayo ikugulitsa sopo wopikulitsa, popeza pawindo palembedwa paliponse. Anati makasitomala ake, amene kale ankamuvutitsa pocheukira kuwindo iye akumeta, tsopano akumuvutitsa ndi mafunso. Ena akuti banja lasokonezeka ndi chisoni. Ena akuti ndi mmene olemera a kunja amakongoletsera masiku ano, ndipo mmodzi wamata kale katoni ya mafuta ophikira pawindo lake kuti asatsalire.

Ndinamufotokozera nkhani yanga yonse, mpaka mawu anandithera pakhosi. Anamvetsera akupukuta makina ake ndi kabulashi.

"Zikhoza kutheka," anatero. "Ine ndimayang'ana kumbuyo kwa mitu ya anthu tsiku lonse, palibe amene anatembenukapo kuti andisangalatse. Koma bambo ako anali munthu wina. Ukumeta kapena ukulira? Mpandowo ndi wa odzameta."

Sabata la mwambo achimwene anabwera madzulo ndi alamu kudzaona malo. Anayeza windo ndi maso, anaima pamene wojambula adzaime, anakambirana ndi alamu za mtundu wa zovala zimene banja lidzavale. Alamu ankafuna zakuda ndi zoyera kuti tifanane ndi mbalame. Kenako achimwene anakoka kampando kaja pakhoma n'kuikapo phazi, akuti angoyesa imodzi kuti aone mmene zimatembenukira.

Ndinagwira kampandoko mbali inayo.

"Pulofesa, siya."

"Simugwira."

"Komiti inagwirizana."

"Komiti ndi inu ndi foni yanu, achimwene."

Anaseka kuseka kwawo kwa pamsonkhano, kuja kopanda mano. Anandikumbutsa kuti mutu umodzi susenza denga, ngakhale kuti mutu umene ankanena unali wawo womwewo. Anati anthu akutiseka mumsewu. Anati bwana wa kusitolo wavomera kale kubwera, ndipo munthu wotere sangaime patsogolo pa malangizo a kachapidwe ka matewera. Ine ndinawafunsa ngati bwanayo adzadzere khomo la kutsogolo kapena la kukhitchini. Alamu anayang'ana kudenga. Achimwene anati munthu amene analephera kumaliza sukulu asamaphunzitse anthu za kumaliza ntchito ya kholo.

"Tiwafunse amayi," anatero alamu, mwina pofuna kupita kwawo.

"Amayi sitiwavutitsa ndi zinthu zimenezi," achimwene anayankha. "Ali pa chisoni."

Pa mfundo imeneyi yokha ine ndi achimwene tinagwirizana. Tinapitiriza kukangana za amayi pamwamba pa mutu wa amayi, iwo ali pa mpando wawo pakati pathu ngati tebulo. Achimwene anati chimene amayi akufuna ndi ulemu wa mwamuna wawo pamaso pa anthu. Ine ndinati chimene amayi akufuna anapatsidwa kale. Ndipo poti magazi anali atanditentha, ndinanena zonse mokweza: kuti bambo anadziwa kuti akupita, kuti anatembenuza mbalamezo dala, kuti iyi ndi mphatso yokhayo imene mayi uyu analandira pawindo limeneli, ndipo amene akufuna kuilanda adutse kaye pa ine.

Singano za amayi zinaima. Patapita kanthawi zinayambanso.

Achimwene anachotsa phazi pa kampando, anakonza tayi, n'kunena kuti nkhaniyi yatsekedwa ndipo Loweruka abwera ndi wojambula. Ali pakhomo anauza amayi kuti asadandaule, mwanayu akungofunika chochita.

Loweruka ndinadzuka ndi nkhondo m'mutu. Ndinali nditakonza zokhala pa kampandoko tsiku lonse kuti pasapezeke chokwerapo. Ndinapeza amayi ali kale pabalaza, tiyi wawo akuzizira pansi, zoluka zili pamiyendo osazigwira.

"Tseka chitseko," anatero. "Khala apa."

Ndinakhala pansi pafupi ndi mapazi awo, mmene sindinakhalirepo chichokereni ku pulayimale.

"Nkhani yako ija ndi yokoma. Ndaimva kwa azakhali ako, ndaimva kwa wamakala. Wamadzi uja anachita kundigwira dzanja. Koma abambo ako ankapachika chonchi nthawi zonse."

Sindinamve bwino, ndipo anaona.

Anandifotokozera pang'onopang'ono, ngati akuphunzitsa munthu kuluka. Munthu sangapachike chinthu asakuchiona nkhope. Bambo ankayamba ndi kuyang'anitsa zonse m'nyumba, kuti aone ngati maso ali pa mzere umodzi, ngati iyi yakwera kwambiri, ngati iyo yabisa inzake. Ankatsika, kubwerera mpaka pakhomo la kukhitchini, kutsinzina diso limodzi, kukweranso. Zikakhala bwino ankazitembenuza imodziimodzi, kenako n'kuchotsa nyuzipepala. Maluwa, masamba, nyenyezi, zonse zinkayamba zayang'ana amayi m'mawa, n'kuwafulatira chakudya chamasana chisanapse.

"Ndiye sanachitire inu?"

"Anachita chifukwa sanamalize, mwanawe. Imfa inawapeza ntchito ili pakati. Akanadziwa kuti akupita, bwenzi atafulumira kuti asasiye windo chonchi. Unkawadziwa."

Ndinkawadziwa. Chimenecho ndiye chinandipweteka. Munthu amene ankadzuka pakati pa chakudya kukawongola tsamba limodzi sakanalola kuti msewu uone tepi yake. Ndinayang'ana anamzeze aja, ndipo anali makatoni opentedwa bwino, ongodikira dzanja. Kutsanzika kwanga konse kunathera pomwepo. Ndinafuna kukwiya, koma panalibe womukwiyira, ndipo m'malo mwake ndinalira kulira koipa, kwa mamina, kumene ndinakubisa pamaliro. Amayi anandisiya. Anangoika dzanja pamutu panga ngati akuyesa ngati ndikutentha thupi.

"Bwanji simunanene?" ndinafunsa nditapezako mpweya.

"Munandifunsa? Wina ndi komiti, wina ndi mlonda." Anatenga tiyi wawo, anamulawa, n'kumubwezera pansi. "Komanso ndinaona kuti ukuifuna nkhaniyo. Unayamba kudya. Ndinati aisunge kaye."

Ndinawauza kuti ngakhale zili choncho, tikhoza kuzisiya mmene zilili. Bambo sanafune, chabwino, koma zachitika. Iwo akhala zaka zonsezi akuyang'ana makatoni, tsopano ali ndi mbalame. Achimwene ndithana nawo ine.

Amayi anakweza maso, koyamba ine ndikuona, n'kuyang'ana windolo.

"Zimenezi? Zimandiyang'ana tsiku lonse ngati alendo amene sanapatsidwe tiyi. Ndikalakwitsa poluka zimaona. Iwe ukuganiza kuti ine ndinkasowa mbalame? Ndikafuna mbalame ndituluka panja."

"Koma munkadandaula."

"Ndinkadandaulira mwamuna wanga. Ndiye ukwati umenewo." Analoza windolo. "Kutsogoloku aliyense angapente. Akapenta bwino sudziwa n'komwe kuti wapenta ndani. Kuseri n'kumene kuli zala zawo."

Anayamba kunditchulira zimene zili kuseriko, osaziona. Chala chachikulu chimene chinkatsala mu guluu, chifukwa bambo sankakhulupirira bulashi. Kamuvi ka pensulo kosonyeza kumwamba, ngati mbalame ingaiwale. Pamene analakwitsa podula n'kuphimba ndi kachigamba, akutukwana sizasi motsitsa mawu poganiza kuti amayi sakumva. Mfundo zawo za twaini, zimene ankamanga kawiri n'kuluma ndi mano. Anati nyengo iliyonse ankakhala pa mpando umenewo n'kumawerenga zonsezi, n'kudziwa tsiku limene bambo anali otopa, ndi tsiku limene anali okondwa mpaka kukometsa malo amene munthu sadzawaona.

"Chichokereni abambo ako, amene akuwaona ndi wometa ndi makasitomala ake. Ine ndangotsala ndi mbali ya penti."

Kunja basi inaima, kondakitala anaitana otsikira pa Mawindo.

"Achimwene ako akazigwira ndi manja awo aja a pamsonkhano adula twaini," amayi anatero. "Tembenuza iwe, asanafike."

Ndinawakumbutsa kuti ndikatero achimwene apambana.

"Achimwene ako amapambana tsiku lililonse. Sizinawachiritsepo. Kwera."

Ndinakwera pa kampandoko. Kankapendekera kumanzere, ndipo ndinazindikira chifukwa chake bambo ankaima phazi limodzi lili kutsogolo. Namzeze aliyense anali ndi twaini ziwiri, ya kumutu ndi ya kumchira, zokoledwa pa timisomali ta pafelemu kuti asazungulire ndi mphepo. Kumutembenuza kunali kumasula zonse ziwiri, kumuzunguliza m'manja, n'kusinthanitsa misomali. Woyamba anandivuta. Amayi ankandilondolera ali pansi: yamba ndi za m'mwamba, usakoke, dontho ilo lakola mchira. Mmodzi ndi mmodzi anamzeze anandifulatira. Pabalaza panayamba kubwerera mmene ndinapadziwira moyo wanga wonse, pa khaki, pa tepi, pa zilembo zoduka pakati. Pa phiko limodzi ndinapeza pamene ine ndinakhotetsa sizasi. Bambo anali atamatapo kachigamba kuseri, osandiuza.

Ndinatembenuza womaliza n'kutsika. Sindinatuluke kukaona.

Achimwene anafika atavala zakuda ndi zoyera, alamu ndi ana ali pambuyo, wojambula atanyamula miyendo ya kamera yake paphewa. Bwana wa kusitolo anatumiza uthenga wopepesa. Tinawamva ataima pamsewu, kenako mawu a achimwene akuuza wometa, ndi aliyense amene anali pafupi, kuti chigamulo cha komiti chakwaniritsidwa nthawi isanakwane, zimene zikusonyeza ubwino wa kukambirana. Anasuzumira pakhomo, nkhope ikuwala.

"Pulofesa, lero wamalizako chinthu. Tulukani tijambulitse. Amayi, tiyeni."

Amayi anati miyendo ikuwawawa. Ine ndinati ndikhala ndi amayi. Achimwene sanakakamize, popeza wojambula anali atanena kale kuti anthu akachuluka abisa mbalame.

Anafola kunjako, misana yawo ili kugalasi. Ife tinkangoona zidutswa zawo m'mipata ya pakati pa mapiko: phewa la alamu, khutu la achimwene, dzanja likulamula kuti wina asunthire kumanja. Amayi anavala magalasi awo, anasendeza mpando pafupi, n'kutambasula dzanja kwa namzeze wa m'munsi. Anaika chala chawo chachikulu pa guluu wouma, pamene panali cha bambo, n'kuchisiya pomwepo.

Linali Loweruka, pa 16 Novembala.